Tinabwereka Mwana Wonenepa

Ana inu, sendezani mipando kuno. Iwe Yohane, leka kuseka. Ndinakumva dzulo ukuuza anzako kuti mlongo wako Zione akupita ku yunivesite kukaphunzira kuphika, ati zaka zinayi zathunthu kuphunzira kuvundula phala. Pakamwa pako pamathamanga kuposa miyendo yako. Khala apa, tenga lichero ili uzisenda nandolo, manja azigwira ntchito makutu akumva. Zione, iwe tenga kope lako, poti ine cholembera sichinandizolowere. Ulembe mmene ndikunenera, usakometsere.

Maphunziro a zakudya amenewa ine ndinawaona ndi maso angawa kalekale, m'zaka za m'ma fifite, Azungu akulamulirabe, dziko lino lilibe yunivesite ngakhale imodzi. Anachita kubwera pa njinga mpaka pakhomo panga. Ndipo akanapanda kubwera, mayi anu Lusiya, amene lero amakangana ndi makondakitala pa Chitakale kuti mpando wachepa, tikanawaika m'manda asanakwanitse zaka zitatu.

Nthawi imeneyo tinkakhala m'malayini a esiteti ya tiyi kunsi kwa phiri, njira ya ku Muloza. Nyumba zake zinali zondondozana ngati mano, chipinda chimodzi banja limodzi, mnzako akatsokomola iwe umayankha kuti pepani. Ine ndinawoloka mtsinje wa Muloza ndili kumsana kwa amayi anga, pothawa nkhanza za Apwitikizi, ndiye ndinakulira pa tiyi, kukwatiwira pa tiyi. Agogo anu aamuna, a Fabiano, ankagwira ku fakitale koumitsa masamba. Ine ndinkathyola. Inu tiyi mumamwa mutasanjikiza miyendo, n'kumadandaula kuti shuga wachepa. Kuthyola kwake simukudziwa. Timasamba tiwiri ndi kansonga, timasamba tiwiri ndi kansonga, dengu kumsana, mame mpaka m'chiuno, kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kupendeka. Mukatero mukaime pa mzere wa sikelo. Kapitawo ankapisa dzanja m'dengu n'kunena kuti masamba anyowa, kapena akhwima, ndipo ntchito ya tsiku lonse inkachepa iwe ukuona. Choncho mudziwiretu kuti sikelo sinali mnzathu. Chinthu chikakwera pa sikelo, ife tinkadziwa kuti chitsika chitaluza.

Lusiya anali asanakwane zaka ziwiri pamene ndinazindikira kuti ndaima, ndili ndi pakati pa amalume anu a Jailosi. Mwambo wathu unali wakuti mayi akaima, mwana achoke kubere tsiku lomwelo, ati mkaka wasanduka woipa. Amayi anga, amene tinkakhala nawo, anandipaka tsabola kumabere, mwana analira masiku atatu, kuyamwa kunathera pomwepo. M'malo mwake tinkamupatsa phala la ufa woyera.

Musaganize kuti tinkamumana. Ufa woyera unali ulemu. Inu mumangonyamula thumba kupita kuchigayo, n'kubwerako mukudya zitumbuwa m'njira. Ife tinkakonola mumtondo, awiriawiri, minsi ikulandizana. Kupeta, gaga kuponyera nkhuku, mphale kuviika masiku atatu mpaka imveke fungo lowawasa, kutsuka, kuyanika pamphasa, kusinjanso, kusefa. Ufa unkatuluka woti mbee, wosalala ngati phulusa. Mgaiwa umene tinkalandira pa phoso, chakudya chimene esiteti inkagawa Loweruka, tinkati ndi wa akaidi, wosayenera m'mimba mwa mwana. Ndiye ine ndinkachoka ku tiyi msana ukuphwanya, n'kugwiranso munsi, kuti mwana wanga adye choyera. Kumeneko kunali kumukonda mmene ndinkadziwira.

Patapita miyezi ingapo masaya ake anayamba kudzaza. Ndinakondwa, ndimati akunenepa. Kenako mapazi anatupa, tsitsi linafiira n'kuwongoka ngati ndevu za chimanga, khungu la m'ntchafu linayamba kusupuka. Mwana amene ankathamangitsa anapiye analeka kuyenda. Ankangokhala pamene wamukhazika, osasewera, osaseka, kumangolira kamawu kakang'ono ngati kamwana ka mphaka. Ukamupatsa phala ankatembenuza nkhope.

Matenda otere kwathu ankatchedwa tsempho, ndipo tsempho linkaloza chala makolo. Ankati mmodzi wa iwo wayenda njira yosayenera n'kubwera kudzakhudza mwana. Amayi anayamba kumukayikira mkamwini wawo. Masiku amenewo mkamwini ndi apongozi sankayang'anana kumaso, ndiye mkangano wawo unkachitika atafulatirana, wina akuyang'ana phiri wina akuyang'ana khoma.

"Amayi, ine njira zanga ndi zitatu," a Fabiano ankatero. "Ku fakitale, kutchalitchi, kunyumba. Yachinayiyo mundisonyeze inu."

"Mwanayo ndiye akutisonyeza," amayi ankayankha.

Zitsamba anamwa, mkuzi wa mankhwala tinamumanga m'chiuno, koma kutupa kunkangokwera. Manyazi anatigwira. Tinaleka kutuluka naye. Kuchitsime ndinkapita ndekha, anzanga akafunsa ndinkati wagona. Ndipo sindinali ndekha. M'malayini mwathu munali nyumba zingapo zimene ana ake ankangokhalira kugona choncho.

Mvula itayamba kukata, anthu akukumba mtedza, kapitawo analengeza pa mzere kuti kukubwera mayi wochokera ku sukulu yaukachenjede, ndipo adzakhala masiku atatuatatu nyumba iliyonse, kuyeza chakudya ndi kuyeza ana. Kuyeza ana! Kuchitsime kunawira tsiku limenelo. Wina ati ana opepuka adzawatenga kupita nawo kuchipatala osabwerera. Ife chipatala tinkachidziwa ngati malo opita munthu akatsala pang'ono. Wina ati adzalemba m'buku nyumba zonse za tsempho, n'kukawerenga pamaso pa Mzungu.

Kumapeto kwa layini yathu kunali mwana wamkazi dzina lake Feliya, msinkhu umodzi ndi Lusiya. Mayi ake anali ndi mwendo wolumala, sankathyola tiyi. Ankakhala pakhonde kugulitsa matemba amene amuna awo ankabwera nawo pa njinga kuchokera ku Chilwa. Feliya chinali chimwana, ana inu. Mikono yopindikapindika, khosi losaoneka, pomunyamula umayamba wakoka mpweya. Tsono tinapangana kuti nyumba iliyonse ya mwana wodwala izibwereka Feliya, wodwalayo azibisidwa.

"Nanga akadzafika kwanga ndidzati chiyani?" anafunsa amake Feliya.

"Mudzati ana a layini ino amafanana, chitsime chake ndi chimodzi," anatero wina, tonse n'kuseka.

Tinkaganiza kuti munthu wozolowera kuyang'ana m'buku sayang'ana nkhope.

Mayi uja atafika tinadabwa. Tinkayembekeza dona wa chipewa. Anali mtsikana wakuda ngati ife, wamfupi, woonda, nsapato zachinsalu, akupalasa njinga ya bambo ake. Dzina lake anali Edina, mwana wa mphunzitsi wa ku mishoni cha ku Chonde. Anali atapita kutali, ku Uganda, ulendo wa masitima ndi mabasi woposa sabata, kukaphunzira za chakudya ndi mmene chimamangira thupi la munthu. Pa tchuthi anamutuma kuti akaone zimene anthu a kwawo amadya, akalembe, zikakhale mayeso ake. Kumbuyo kwa njinga anamangako masikelo awiri. Ina inali yaing'ono ya mbale, yoyezera ufa ndi ndiwo. Ina inali yaikulu yokoleka pa mtengo, yokhala ndi kathumba kokhazikamo mwana. Tsiku lomwelo tinamutcha Nasikelo.

Nyumba yoyamba Feliya anali Mariya. Nyumba yachiwiri tinamumeta mpala, anali Agnesi. Yachitatu inali yanga.

M'mawa wa tsikulo amayi ananyamula Lusiya kupita naye m'nthochi kuseri kwa malayini. Ananyamulanso mphika wa kalongonda umene unali pamoto, chifukwa nawonso unali wobisa. Kalongonda mumamudziwa, nyemba zathu zazikulu zija za Alomwe, ngakhale inu a masiku ano mumazikwinyira mphuno. Anthu a m'midzi yakale ankatiseka nazo, ati timadya zoledzeretsa. Mlendo wophunzira sankayenera kuona zimenezo. A Fabiano anapha tambala wathu mmodzi yekhayo. Feliya tinamudzoza mafuta a nsatsi, kumuveka mikanda ya Lusiya.

Nasikelo anafika, anagwada bwinobwino, anapereka moni, n'kukoleka sikelo yake pa mtengo wa mango.

"Uyu ndiye Lusiya," ndinatero.

Ndisanatseke pakamwa, Feliya anaona kathumba kaja. Anandipulumuka m'manja, kuthamanga, kukweza mwendo yekha kulowamo, n'kutambasula dzanja. Kunali kuti Nasikelo ankapatsa mwana aliyense kachidutswa ka nzimbe akamaliza kumuyeza, ndipo mwana wathu wobwereka anali ataidziwa ntchito.

Nasikelo anayang'ana Feliya, anayang'ana ine. Anamupatsa nzimbe ija.

"Achemwali," anatero, "mwana uyu ndi wamwayi. Amayi atatu pa sabata imodzi."

Manyazi ake, ndinalakalaka nditalowa pansi. Koma iye sanakalipe, sanalembe kanthu. Anaona tambala akusosoledwa, n'kufunsa a Fabiano ngati timadya nkhuku kawirikawiri.

"Kwambiri," anatero agogo anu, nkhope ili gwa. "Mpaka timatopa nazo."

"Ndiye nkhuku za m'malayini muno zili pa mavuto. Nyumba iliyonse imene ndalowa, tambala wafa."

Atatero anakweza maso, anaona utsi ukufuka m'nthochi. Anafunsa kuti kumeneko akuphika ndani. Ndisanapeze bodza, anali atanyamuka kale.

Ndinamutsatira. Amayi anali atakhala pafupi ndi mphika, Lusiya atamugoneka pambali, atamufunditsa nsalu yawo ya kapulana mutu ndi miyendo yomwe. Nasikelo anagwada chapatali, anawomba m'manja, nati, "Mosheliwa, amayi." Moni wa Chilomwe! Amayi anangoti kukamwa yasa. Munthu wa ku yunivesite kulankhula chinenero chimene ife tinkachinong'ona tikafika pa Chitakale.

Chofunda chija anachiona, ndikudziwa kuti anachiona, koma anayamba ndi mphika.

"Kalongonda uyu! Agogo anga ankaphika, koma anamwalira ndisanaphunzire. Madzi mwataya kangati?"

"Kawiri," amayi anayankha mouma.

"Nanga mumadziwa bwanji kuti ululu watha?"

Apa ndiye anawapeza. Amayi anga pa kalongonda sankagonjera munthu. Anayamba kufotokoza: kuwiritsa koyamba mpaka makoko afewe, kusenda, kutsuka, kuwiritsanso, kutaya madzi akuda aja kutali kumene nkhuku sizifika, kuwiritsanso mpaka madzi ayere, kuyambira m'mawa mpaka madzulo. Wothamangira kudya amasanza, mutu kuzungulira, kubwebweta ngati wamisala. Nasikelo anakhala pansi pa masamba a nthochi, kope pa bondo, kulemba zonse, kufunsa, kulembanso.

"Aphunzitsi anga kusukulu kuja zimenezi sazidziwa," anatero. "Ndikawauza kuti ndaphunzira kwa inu."

"Sadziwa kalongonda?" amayi anadabwa. "Nanga amakuphunzitsani chiyani zaka zonsezi?"

Anaseka onse awiri. Ndipo pakati pa kusekako, pansi pa kapulana panatuluka kamawu kaja.

Nasikelo anatseka kope.

"Amayi, nanga mwini khomo wagona apayu, simundilola ndimupatse moni?"

Amayi anayang'ana ine. Ine ndinayang'ana pansi. Kenako ndinagwada, ndinavundukula mwana wanga ndi manja angawa.

Anamunyamula mosamala. Anayang'ana tsitsi, m'maso, m'kamwa. Anadinikiza chala chachikulu pa phazi, ndipo atachotsa panatsala kadzenje kosabwerera. Nthabwala zonse zinachoka pankhope pake.

"Achemwali, ndikuuzani mosabisa. Mwanayu mukamusunga m'nthochi muno, kuzizira kukadzayamba simudzakhala naye."

"Ndi tsempho limeneli," anatero amayi. "Si za m'buku."

Ana inu, mvetserani mmene anayankhira, chifukwa munthu wina wophunzira akanayamba kutiseka, ndipo ife tikanamuthamangitsa. Iye sanatsutse. Anati, "Za tsempho ine sindinaphunzire, amayi, sindinganenepo kanthu. Mkuziwo usachoke. Koma za m'mimba mwake ndinaphunzira. Mundipatse mbali imeneyo."

Tinabwerera kunyumba. Anamukhazika Lusiya m'kathumba kaja, n'kutisonyeza pamene muvi wa sikelo waima. Kenako anandiuza kuti ndiphike chakudya chofanana ndi chimene mwana anadya dzulo lake, osaonjeza osachotsa. Ndinaphika phala: ufa woyera, madzi, kamchere. Ndinaikaponso kambamu kakang'ono ka nsima konyika mumsuzi, poti madzulo ndi mmene tinkamudyetsera. Anandifunsa kuti mwana amasiya zochuluka bwanji, anachotsapo, zotsalazo n'kuika pa kasikelo ka mbale. Muvi unangogwedezeka pang'ono.

"Nanga ndiwo zake?"

"Msuziwo," ndinatero. "Ndiwo zenizeni ndi za abambo, amagwira ntchito yolemetsa."

"Msuzi ndi madzi amene nsomba yasambamo, achemwali. Nsombayo yapita kwina. Kodi Feliya amadya chiyani?"

"Ameneyo sadya, amangotolatola. Timitu ta matemba togwa pamphasa ya mayi ake, mtedza, chilichonse. Kukamwa kwake sikupuma."

"Ndiye munabwereka mwanayo, kadyedwe kake munasiya komweko."

Anatifotokozera m'mawu athu omwe, osati a kusukulu. Anati chakudya china chimapatsa mphamvu zoyendera, china chimamanga thupi ngati njerwa, china chimatchinga matenda. Anati pokonola ndi poviika paja, zabwino zambiri zimapita ndi gaga ndi madzi, ndiye nkhuku zathu zinkadya bwino kuposa mwana. Anatinso kamimba ka mwana ndi kakang'ono, sikangadikire kawiri pa tsiku ngati munthu wamkulu.

A Fabiano anali atakhala pakhonde, akumva zonse. Kenako anati, atafulatira apongozi awo, "Ngati mwanayu ndamudwalitsa ndine, ndamudwalitsira pa mbale. Kwinako ayi." Kuyambira tsiku limenelo nkhani ya njira yachinayi sindinaimvenso.

Masana omwewo Nasikelo anati tipite kuchipatala. Ndinakana, ndinalira. Anati, "Ndilowa nanu, ndituluka nanu. Akamutsekera, atsekere ndi ine ndemwe." Tinayenda wapansi, iye akukankha njinga, ine mwana kumsana mimba kutsogolo. Wothandiza dokotala, amene tinkamutcha dresala, anamupima, anapereka mankhwala ndi chitini cha mkaka waufa, nati tizibwera naye sabata iliyonse. Dzuwa lisanalowe tinali kunyumba, mwana ali kumsana kwanga. Azimayi a m'layini anatuluka kudzamusuzumira kuti aone ngati ndi yemweyo.

Masiku oyamba unali mkaka wokhawokha, wosungunula m'madzi owiritsa, pa kasupuni, pang'onopang'ono. Ankalavula, ife n'kuyambiranso. Kenako phala la mgaiwa, wa akaidi uja, lothira nsinjiro zodzaza dzanja. Tsiku lina matemba osinja mumtondo mpaka asanduke ufa, tsiku lina khobwe wosenda, ndi timasamba ta nkhwani. Sanatipatse miyeso ya m'buku. Anatiyezera ndi dzanja langa ndi chikho chathu chomwera madzi. Mwana akhale ndi kambale kakekake, adye kasanu, asadikire akuluakulu. Ine ndikakhala ku tiyi amayi ndiwo ankadyetsa, ndipo Nasikelo ankadutsa tsiku lililonse popita nyumba zina.

Dzira ndiye linavuta. Kwathu mwana sankadya dzira, ati adzagwa khunyu. Iwe Yohane umameza atatu pa kadzutsa, ukanabadwa nthawi imeneyo ukanangowaona m'chisa. Amayi anakanitsitsa. Nasikelo anangoti, "Ine ndakula ndikudya mazira, amayi. Khunyu sindinagwe. Koma mwina n'chifukwa chake ndimazungulira ndi masikelo m'nyumba za eni." Amayi anaseka mpaka kutsokomola, dzira linalowa m'phala.

Mtedza unatithera msanga, poti kamunda kathu kanali kochepa. Lamulungu lina a Fabiano ananyamuka wapansi mpaka ku Milanje kwa amalume anga. Masiku ano pa Muloza mumangokwera njinga ya kabaza, n'kumadandaula kuti pokhala pake n'polimba. Iwo anawoloka mtsinje madzi ali m'chiuno, n'kubwerako ndi dengu la mtedza pamutu ngati mkazi, anzawo a ku fakitale akuwakuwiza polowa m'malayini. Anangodutsa, n'kudzatula dengu pakhomo.

Patatha masiku khumi Nasikelo anakolekanso sikelo pa mango paja. Tonse tinaima kuyang'ana muvi. Unabwerera m'mbuyo. Mwana anali atapepuka, ndipo zinkaoneka ndi maso omwe: masaya aphwa, nthiti pamtunda, timiyendo ngati bango.

"Mwandiphera mwana!" ndinakuwa.

Amayi analowa m'nyumba, anatenga chitini cha mkaka n'kuchiponya pabwalo. "Ndinanena ine. Anali ndi thupi, taonani tsopano. Basi, za m'buku zathera pano."

Koma Nasikelo nkhope yake inali yowala. Anandigwira dzanja, anadinikiza chala changa pa phazi la mwana. Kadzenje sikanatsale.

"Lija silinali thupi, achemwali, anali madzi. Achoka. Uyu ndiye mwana wanu weniweni, mmene analili pansi pa madziwo. Kumanga kukuyamba lero. Mukasiyira pano madzi abwerera, ndipo sindikhulupirira kuti adzachokanso."

Ndinayang'ana amayi anga, amene anandiwolotsa mtsinje kumsana, amene ndinali ndisanawatsutsepo chibadwire. Ndinayang'ana mtsikana uja, msinkhu wanga, wosabereka n'komwe. Ndinapita pabwalo, ndinatola chitini chija, ndinachipukuta ndi nsalu yanga.

"Amayi, mundikhululukire. Mwanayu adya."

Sanandilankhule masiku awiri. Koma ndikabwera ku tiyi ndinkapeza kambale kali kotsuka, ndi makoko a dzira pa dzala.

Sabata yotsatira muvi unakwera, pang'ono chabe koma unakwera. Azimayi aja a Mariya ndi Agnesi anamva, anayamba kubwera mmodzimmodzi pansi pa mango, ana enieni ali kumsana. Si onse anachira, ndisakunamizeni. Wa ku nyumba yoyamba anachedwa naye, tinamuika mwezi womwewo. Koma ambiri anakula, ena mumakumana nawo pamsika ali ndi imvi.

Chimene ndimakumbukira kwambiri pa mtsikana ameneyu ndi kuleza mtima kwake. Ankakhala pa mtondo wogoneka kuyambira m'mawa, kuyeza chigwada, makaka, therere, ngumbi zouma, chilichonse cholowa mumphika, osakwinya nkhope, osathamanga. Akamaliza kuyeza ankasamba m'manja n'kudya nafe. Atambala analeka kufa m'malayini. Ankatiuza kuti tikamunamiza, akalemba kuti ana a pa tiyi amadya nkhuku tsiku ndi tsiku, ndipo palibe amene adzaganize zobwera kudzawaona. Ndakumana ndi anthu ophunzira ambiri m'moyo wanga, ena ovala mataye, ena oyenda pa galimoto. Wogwada m'nthochi kuti afunse nkhalamba za madzi a mumphika ndinamuona mmodzi yekha.

Tchuthi chake chinatha Lusiya asanayambe kuyenda. Ndinamuperekeza mpaka pa Chitakale pamene ankakwerera basi. Amayi anamumangira kalongonda m'masamba a nthochi, ati akalawitse aphunzitsi osadziwa aja. Pokwera anandigwira phewa nati, "Musatope, achemwali. Kasanu pa tsiku, ngakhale alavule." Sindinamuonenso. Ndinangomva kuti anamaliza maphunziro ake, ndi kuti ankagwira ntchito m'zipatala kutali kumpoto.

Chiperoni chinabwera chaukali chaka chimenecho. Phiri silinaoneke sabata yathunthu, kamvula kosalekeza, mphepo yolowa m'mafupa. Ine mimba inali itakula, koma phala kasanu silinaphonye. Lusiya ankadya mokakamiza, supuni iliyonse kumunyengerera, ndipo ankangokhalabe pamene wamukhazika.

Lamulungu lina m'mawa amayi anaphika futali, mbatata yothira nsinjiro, n'kuiphula kuti ipole, ife tikukonzekera za kutchalitchi. Ndinalowa m'nyumba kuti ndimusambitse mwana. Pamphasa panalibe munthu. Chofunda chokha.

Ndinatuluka ndikuitana, a Fabiano n'kuthamangira cha kuchitsime, amayi kuseri kwa nyumba. Kenako ndinamva amayi akutiitana motsitsa mawu. Tinawapeza ataima pakhomo pa kachisakasa kophikira.

Lusiya anali m'katimo. Anali ataima. Ataima ndi miyendo yake, dzanja limodzi atagwira mtondo, lina lili mumphika mpaka m'chigongono. Nkhope yonse futali, m'tsitsi momwe, limene linali litayamba kumera lakuda kumizu. Atationa anakumbatira mphika uja, n'kutiyang'ana mwaukali ngati ife ndife akuba.

Chinali chakudya cha nyumba yonse, ndipo kwathu mwana wopisa dzanja mumphika ankalandira mbama. A Fabiano anatambasula dzanja kuti amuchotse. Amayi anawagwira mkono. Apongozi kugwira mkono wa mkamwini, ana inu, chinthu chimene ndinali ndisanachionepo chibadwire.

"Musiyeni," anatero, misozi ikutsika. "Musiyeni abe. Ife tidya mawa."

Kutchalitchi sitinafike tsiku limenelo. Tinakhala pansi atatu m'kamvula kaja, zovala za Lamulungu zikunyowa, kumuonerera mpaka anapala mphika.